Zilembo zatembenuka pa makapu

Abambo ake,

Mukadzuka musandifunefune, ndathamangira m'tauni kukasaka makapu ena oyera. Laputopu yanu ya kuntchito ili patebulo. Ndinaitenga osapempha, pepani.

Paja mwezi wonsewu ndakhala ndikukusokosani kuti kompyuta yanga ndi nkhalamba, ntchito yosindikiza zithunzi pa makapu imafuna makina amphamvu. Ndiye m'mamawa ndinati ndiyeseko yanuyo. Zoonadi, chithunzi cha akwati chinatseguka ndisanaphethire n'komwe. Koma pulinta inangoyenda mwa masiku onse, ndipo chowotchera makapu sichifunsa kuti pepala lachokera m'kompyuta ya ndani.

Potengeka ndi liwirolo ndinaiwala kutembenuza chithunzi ndisanasindikize. Nkhalamba yanga ndinaitchera kalekale, imatembenuza yokha. Yanuyo zimenezo sizidziwa. Makapu onse atuluka mayina akuyambira kumanja, mphete nayo yasamukira kudzanja lina. Mayi ake a mkwatibwi akubwera masana kudzatenga katundu wawo.

Akafika ndisanabwere, akhazikeni pabalaza muwapatse tiyi, koma chonde osati m'makapu ali m'katoni kuseri kwa chitsekowo. Chowotchera ndazimitsa koma chikadali moto, mwana asachiyandikire. Nkhalamba ija ndaiyatsa kuti izidzuka pang'onopang'ono monga mwa khalidwe lake, musaikhudze.

Msana ukuwawa, maso akuyabwa, mphamvu zokangana ndilibe. Nkhani yogula kompyuta yatsopano ija ithere pomwepa, ndipo musaseke. Makapu owonongekawo ndi athu tsopano. Mukafuna kudziwa kuti mukumwera ukwati wa ndani, muzikaima nawo pagalasi.

Ndine,
mkazi wanu wotopa