Nsalu Yoyera ya Apongozi

Lolemba, 3 Febuluwale 2025

Yankho lafika. Chipatala cha ku India chavomera kumuchita Naima opaleshoni ya mtima. Ndege pa 19. Womuperekeza mmodzi, ine mayi wake. Chatsala ndi kalata yachilolezo ya bambo ake. Swadick ali ku Joni, mauthenga akuwerenga, sakuyankha. Mwana wa zaka zinayi, kuyenda mpaka pachigayo milomo yada kale.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Ndinakwera kabaza kukaona apongozi kwa Mponda, poti mwana wawo amamvera iwo okha. Sanandipatse ndi mkeka womwe. Akuti ku India maliro amawotcha. "Mdzukulu wanga akafera kumeneko, adzamusambitsa ndani?" Anayankhula mwanayo ali pamiyendo panga, akumva. Ndinawauza kuti Asilamu aliko ambiri, mizikiti iliko. Akuti Fomu 4 yandipatsa mwano.

Allah andikhululukire, pobwerera ndinawafunira sitiroko.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Apongozi abwera okha mapemphero a Juma atatha, ndi jumbo yakuda. M'katimo sanda. Nsalu yoyera, yodula kale, zidutswa zake zonse, ndi timizere tomangira. Akuti ndikalumbira kuti ndiitenga, Swadick asayina. Ndikakana, mwana sapita.

Anzawo amabweretsa chiponde, kaya sweta. Awa agulira mdzukulu nsalu yokamuikira m'manda akadali kusewera pakhonde.

Ndinati Wallahi ndiitenga. Ndikanatani?

Lachinayi, 13 Febuluwale

Kalata yafika, yosayinidwa, chidindo chilipo. Atamuuza mayi ake, zangotenga masiku asanu ndi limodzi basi. Ine ndakhala ndikumupempha miyezi itatu. Ngakhale kufunsa kuti mwana wagona bwanji, ayi.

Mng'ono wanga Rahma akuti sanda ija ndiiponye mu Shire podutsa pamlatho, adziwa ndani. Ndinapitanso kwa Shehe. Akuti kukonzeka si kuitana imfa, ambiri amasunga sanda yawo m'nyumba. Yawo, inde. Akuluakulu.

Loweruka, 15 Febuluwale

Ndachimwa. Ndimachapa kuseri. Polowa ndinapeza Naima watulutsa nsalu ija m'chikwama, wadzikulunga mutu mpaka kumapazi, akudziyang'ana pagalasi. "Amama, ndine mkwatibwi." Ndinamumenya mbama. Sindinamumenyepo chibadwire. Analira mpaka mpweya kubanika, zala kuda, ananjuta pansi monga amachitira ukamuthera. Ndinamugwira mawondo pachifuwa ngati mmene anandiphunzitsira anesi, ndikuwerenga dua iliyonse yomwe ndimadziwa.

Atatsitsimuka anandipepesa iyeyo. Akuti sadzagwiranso nsalu ya agogo.

Dzanja linali langa, ndikudziwa. Koma sindidzawakhululukira amayi aja.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Minibasi ya ku Blantyre ikudzaza pa depoti, ndikulemba nditayika kope pabondo. Apongozi anabwera kudzatsanzika, makamaka kudzapisa dzanja m'chikwama. Nsalu ija anaipeza. Pamenepo ndiye anamunyamula Naima n'kulira, kulira kwenikweni, mpaka mpango kugwa. Ndinayang'ana kumbali. Sindikufuna kuwamvera chisoni.

Rahma wandinong'oneza kuti ndikaisiye kwa azakhali ku Ndirande. Ndinamuuza kuti ndikuopa lumbiro. Bodza. Dzulo masana, mwana ali mtulo, ndinaitambasula pambali pake kuti ndione ngati ingamukwane. Palibe anandituma. Ikumukwana. Ndinaipinda bwinobwino, ndinaiika pansi pa madiresi ake, chifukwa zikakavuta kumeneko ndili ndekha, sindikufuna kuti mlendo amufunditse...

Naima wadzuka. Akufuna madzi.