Jeki ndi dengu lobooka

Lachitatu madzulo. Chiperoni chatizizira tsiku lonse, zala zinachita kuuma pothyola tiyi.

Nditaweruka ndayamba kuphunzitsa Jeki, kagalu kamene mwana wanga Esinati anandisiyira popita kusukulu ya unamwino ku Blantyre. Anaona pafoni agalu akudumpha timitengo ndi kudutsa m'mapaipi, ndiye anati, "Amayi, muyambe kumuphunzitsa akadali wamng'ono, ine ndidzapitiriza pa holide."

Ndagoneka nsungwi pa njerwa ziwiri, pansi penipeni, poti mafupa ake sanakhwime. Paipi ndilibe, choncho ndatenga dengu langa lakale la tiyi lobooka kunsi lija. Nsungwi wadumpha kawiri chifukwa cha bonya, koma dengu wakaniratu. Ndaitana, ndanyengerera, iye kungokhala pansi n'kumandiyang'ana. Amayi oyandikana nawo aseka: "Anzathu, mpaka galu wayamba sukulu?"

Kenako ndakumbukira mawu amene Esinati anajambula n'kutumiza sabata yatha: "Jeki! Jeki, bwera!" Ndaika foni kumapeto kwa dengu n'kutsegula. Wadutsamo ngati mphepo! Ine kuwomba m'manja. Koma bonya sanamuyang'ane n'komwe. Wanunkhiza foni, wandizungulira, walowa m'nyumba, kenako wakakhala pakanjira kochokera kusiteji, akugwedeza mchira.

Ndimati ndikamutenge, koma ndangokhala naye pomwepo mpaka kunja kwachita chisisira.

Tsopano wagona pamapazi pangapa. Mawu aja ndawamveranso kanayi, motsitsa kuti asadzuke. Akuitana galu, osati ine, komabe...