Uthenga wa mlongo wanga unandiphonyetsa malilo a atate

Aphungu,

Mlongo wanga Hilary amagwila nchito ku bungwe lina ku Petauke, yolemba timapepala ta alimi a thonje. Ali ndi pulogalamu pa kompyuta imene imapima ngati zolemba n'zosavuta kuwelenga. Imawelenga kutalika kwa mau ndi ziganizo, n'kupeleka malikisi. Cimalowa m'mutu cinthuci, moti ngakhale pa foni salemba mau oposa asanu.

Mwezi watha ndili pa msika ndinalandila uthenga wake: "Atate atisiya. Malilo mailo." Ine ndinamva kuti aika kale, tsiku lapitalo, osandiyembekeza. Ndinatseka foni, n'kudzitsekela m'nyumba kulila. Minibasi zinali kudutsa pakhomo panga.

Koma iye anali kunena za tsiku lotsatila. Kumudzi ku Kalindawalo anandidikila mpaka dzuwa linapendeka, amai akukaniza anthu kunyamula bokosi, ati, "Mwana wanga ali m'njila."

Nditafika patapita masiku, Hilary anangoti, "Uthengawo ngakhale mwana wa giledi 2 angawelenge." Sitinalankhulanenso. Amai akuonda. Kodi ndimukhululukile bwanji munthu amene saona colakwa cake?

T.M., Nyimba

Amai T.M.,

Pepani ndi malilo. Kuphonya kuponya dothi pa manda a atate n'cilonda cimene sicipola msanga, ndipo sindikunamizani kuti cidzapola mwezi uno.

Makina a mlongo wanuwo ndimawadziwa, tinawaphunzila ku koleji. Amapima mau ngati mmene telala amapimila nsalu, koma wovala samuona. Akanapatsidwa uthenga uja akanaupatsa malikisi onse, cifukwa sadziwa kuti mailo athu ali ndi nkhope ziwili, ina yoyang'ana kutsogolo, ina kumbuyo. Hilary anacotsa liu limodzi lokha, lakuti "adzakhala", ndipo m'liu limenelo ndimo munali ulendo wanu.

Koma inunso, amai, foni ija ili ndi batani loimbila. Munasankha lozimitsila. Sindikudzudzulani, cisoni cimawelenga moipa. Naye Hilary analemba atate ake atangotsekedwa maso. Zoti giledi 2 zija ndi manyazi ovala jekete.

Kwelani minibasi. Musatumize uthenga, awilinu zolembelana zakukanikani. Mupempheni akupelekezeni kumanda, mukamuuze kumeneko zimene munamva mutawelenga, osati zimene iye analakwitsa. Mukacoka uko, mukakhale pansi ndi amai nonse awili, akuoneni mukudyela mbale imodzi.

Mitima ikazizila, mumuuze kuti malangizo a mankhwala a thonje azikayamba wawelengela mlimi mmodzi, n'kumufunsa kuti wamva ciyani. Sikelo yeniyeni ndi imeneyo.

Cenjelani ndi kudikila kuti ayambe ndiye kupepesa. Atate anaikidwa inu palibe. Musamuike mlongo wanu ali moyo.