Mphatso ya Ukwati Yatipatsa Penshoni

Allentown, Pennsylvania
9 Okutobala

Achimwene Efraín,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino kwathuko ku Utuado. Nanga Bambo akupezako bwanji masiku ano? Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba msanga.

Ndili ndi nkhani yoti singadikire! Paja Mayi Dressler, eni fakitale yathu ya buledi, anakwatiwa ndi Bambo Hollenbach, eni kampani ya inshuwalansi. Chikondi chitawazunguza mutu, mayiwa anapereka pafupifupi masheya onse a fakitale kwa amuna awo ngati mphatso ya ukwati. Sanafunse ngakhale loya.

Kuno thumba la penshoni la kampani limaunikidwa chaka ndi chaka, kuona ngati silikukondera amalipiro onona okha. Tsono poti mwini wake ndi mmodzi tsopano, lamulo likuti makampani awiriwa ndi khomo limodzi. Atatiwerengera pamodzi, ife ophika makumi anayi opanda penshoni ndi iwo amataye asanu ndi anayi a ku inshuwalansi, thumba lawo la penshoni lalephera mayeso. Anatsala ndi njira ziwiri, kulitseka kapena kutilowetsamo. Atilowetsamo, achimwene!

Mukanamuona Zoraida, mnzanga wa pa uvuni. Anavina ufa uli mbuu kumaso, uku akukuwa kuti, "Iwe Migdalia, keke ya ukwati ija tinkaphika tikung'ung'udza bwanji? Akwatiranenso mawa abwanawa, mwina atigulira galimoto!" Ine ndinangolira. Zaka makumi awiri ndikukanda ufa, sindinalotepo kuti ndingadzakalambe ndili ndi kanga m'manja.

Koma pali mfundo imodzi yondisowetsa mtendere. Gawo loyamba la ndalama za penshoniyo, lomwenso ndi lalikulu, adzapatsa okhawo amene adzakhale akadali pa ntchito pa 31 Disembala. Ine ndinakulonjezani kuti ndisiya ntchito mu Novembala, ndibwere ndidzakulandireni posamalira Bambo. Ndikudziwa kuti inu ndi alamu mwatopa, zaka zitatu kuwanyamula ndi kuwasambitsa. Manyazi andigwira, komabe ndikupempha kuti mupirire mpaka pa 2 Januwale.

Tikiti sindinagule, ndikudikira mawu anu. Mukaona kuti Bambo sangafike Januwale, chonde musandibisire pofuna kundichitira chifundo. Mungoti bwera, ndipo ndinyamuka tsiku lomwelo, penshoniyo itsale.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Nydia, azakhali a Carmen Luz ndi ana onse. Bambo muwagwire dzanja m'malo mwanga.

Ndine mlongo wanu,
Migdalia