Makhansala Akubwera ndi Makasu

Aphungu,

Kalata yopita kutsamba lanu la malangizo m'nyuzipepalayi ndaiponya pa positi ya ku Kasakula, koma sindigwira ntchito kumeneko. Ndapalasa njinga theka la tsiku kuti chidindo chisandiulule. Ndine mlembi wa khonsolo ina kuno kumapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, dzina lake ndilisunga m'thumba. Ntchito yanga ndi kulemba zimene makhansala agwirizana, ndipo chimene sichinalowe m'buku langa la maminitsi ndiye kuti sichinachitike.

Vuto langa ndi mlatho. Mkazi wanga Lidia ndi woyembekezera, masiku ake ndi a mu Januwale, ndipo nyumba yathu ili kutsidya kwa mtsinje wa Kanjoka. Chilimwe chino Kanjoka ndi mchenga wokhawokha, nkhuku imawoloka osanyowa, koma mvula ikagwa ngakhale ng'ombe zimabwerera. Zaka ziwiri zapitazo mwana wathu woyamba tinamutaya m'mphepete mwa mtsinje womwewu, ambulansi itaima tsidya lina, dalaivala atagwira m'chiuno akungotiyang'ana. Sindifuna kuzionanso zimenezo. Mitengo ya mlatho ilipo kale, yaunjikidwa kuseri kwa holo ya khonsolo, chiswe chayamba kuilawa. Kapitawo wa misewu akuti sangaikhudze popanda chigamulo cha khonsolo cholembedwa m'buku. Nkhaniyi ili pa nambala 2 pa ajenda kuyambira mwezi wa Juni. Lero tili mu Okutobala, sitinamalizebe nambala 1.

Nambala 1 ndi chithunzi. Mukuchidziwa, Aphungu, chithunzi cha Mtsogoleri wa dziko lino, chimene chili mu ofesi iliyonse ndi m'sitolo iliyonse. Mukudziwanso lamulo lake: pakhoma pasakhale chinthu chokwera kuposa icho. M'holo mwathu chinali pamwamba penipeni, pafupi ndi denga, kwa zaka khumi. Lolemba la msonkhano wa Juni tikulowa, tinachipeza chatsika. Chinali pa msomali wina wakale, ndipo wotchi yaikulu imene anapereka a Hassani, khansala amene ali ndi sitolo pamsika, inali pamwamba pake.

A Gideoni, wapampando wathu, thukuta linali kamukamu ngakhale kunali chisanu cha Juni. Pakona panali a Paulo, tcheyamani wa chipani m'dera lino. Iwowa si khansala, savota, koma sajomba msonkhano, ndipo amakhala ndi kabuku kakang'ono pabondo. Anatsegula kabukuko n'kunena kuti, "Nkhani ya ulemu ikhale yoyamba, ndipo tisapite kwina isanathe." Tinawomba m'manja. Tsiku lonse linathera pomwepo, ndipo chigamulo chinali chakuti wotchi, mapu a dera ndi kalendala zichotsedwe pakhoma. Wotchi ya a Hassani inaikidwa pansi, moti pofuna kudziwa nthawi ya tiyi tinkachita kuwerama.

Mu Julaye a Paulo anadzuka ndi nzeru ina. Anati, "Nanga munthu wa mtima woipa atakwera patebulo ili, mutu wake sungapose chithunzi?" Mesenjala anatumidwa kukabwereka tepi kwa telala, tinayeza, zinapezeka kuti ungapose ndi mainchesi asanu. Tebulo la khonsolo, lamlombwa, lolemera ngati ng'ombe, linatulutsidwa. Sabata yotsatira chithunzi chinali chatsikanso, chili pa msomali umene unali wa mapu. Mu Ogasiti tinatulutsa mipando pa chifukwa chomwecho, n'kubwereka mphasa kwa amayi a mvano. Chithunzi chinatsikanso. Panopa chili pa msomali wa kalendala, umene kwa ine umafika pachifuwa.

Apa ndiye pandivuta, chifukwa ine ndine wamtali, kusukulu ya mishoni ankanditchula Mlongoti. Anzanga amalowa m'holo chowerama, koma ine kuwerama sikukwana. Khonsolo inagamula kuti mlembi azilowa chogwada. Chigamulo chimenechi ndinachilemba ndekha, ndi dzanja langali. Ndimakwawa kuchokera pakhomo mpaka pamphasa yanga, buku m'khwapa, tayi ikukolopa pansi. Ndagula kale mathalauza awiri.

Musaganize kuti palibe anayesa. Pamsonkhano wa Seputembala a Hassani, miyendo itachita dzanzi, anati, "Bwanji tingochikweza?" A Paulo ananyambita pensulo n'kufunsa kuti, "Ndiye mukutanthauza kuti chili pansi? Ndani wanena kuti chili pansi? Alembi, lembani." A Hassani anati, "Ine sindinayankhule, ndimatsokomola." Mukatsegula buku langa mupeza mzere wakuti: Khansala Hassani anatsokomola. Ine ndinayesa kutchula mlatho tsiku lomwelo, a Gideoni anandidula kuti, "A Mlongoti, mukufuna kuti mitengo ipose ulemu?"

A Paulo akuti amene akutsitsa chithunzichi ndi zigawenga. Ena akunong'ona za ufiti. Koma holo imakhala yokiya, mawindo ali ndi zitsulo, ndipo makiyi tili nawo anthu atatu basi: wapampando, ine, ndi Mayi Margareta amene amasesa ndi kupukuta Loweruka m'mawa. Iwowo ndi osesa chabe, mayi wachikulire wamfupi kwambiri, sangadziwe za khonsolo. Ndiye maso onse ali pa ine, munthu wamakiyi komanso wamtali. Chodabwitsa n'chakuti zigawenga zake n'zaukhondo, chifukwa Lolemba lililonse galasi la chithunzi limakhala likuwala, lopanda ndi kafumbi komwe.

Ndinaganiza zokachikweza ndekha mwakachetechete. Koma wina atandipeza ndachigwira m'manja, ndinganene chiyani? Inu mukudziwa kuti kuno ku Dowa kuli malo ena amene munthu amapitako osatsanzika. Komanso makwerero a ofesi kulibe. A Gideoni anawabwereka kumayambiriro kwa Juni kuti akakonze denga la chigafa chawo cha fodya, ndipo sanabwezebe.

Tsopano imvani zimene zikubwera. Pamsonkhano wa mwezi uno a Gideoni anaima, ndikutanthauza kuti anagwada mowongoka, n'kunena kuti, "Popeza chithunzi sichingakhudzidwe, titsike ndife." Agamula kuti pansi pa holo pakumbidwe mapazi awiri. Tinawomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Lolemba loyamba la Novembala khansala aliyense abwere ndi khasu lake. Kapitawo wa misewu, yemwe uja wokana kunyamula mitengo, walamulidwa kubweretsa mawilibala.

Aphungu, mitambo yayamba kusonkhana pamwamba pa phiri la Ntchisi. Lidia salankhula za mtsinje, koma ndimamuona akuyang'ana kumwamba akamayanika zovala, ndipo mtima wanga umasweka. Buku lili m'manja mwanga. Ndikhoza kungolembamo kuti nambala 2 inakambidwa ndipo inavomerezedwa. A Gideoni amasaina osawerenga. Koma ine ndine mwana wa mkulu wa mpingo, sindinanamepo m'buku, ndipo a Paulo amawerenga chilichonse. Ndilembe bodzalo, kapena ndinyamule khasu? Ndagwira njakata, ndithandizeni.

B. G.,
Kasakula

*

A B. G.,

Choyamba, pepani chifukwa cha mwana wanu uja. Ndaseka powerenga kalata yanu, sindibisa, koma nditafika pa Kanjoka ndinasiya kuseka. Mayina onse ndawasintha, ngakhale la mtsinje, ndiye pumani bwino.

Bodza m'buku musalembe. Makhansala khumi ndi awiri akudziwa kuti mlatho sanaukambe, ndipo tsiku limene a Paulo adzafunse, onsewo adzatsokomola, inu mudzatsala nokha. Khasu nalonso lisiyeni kumunda.

Tsopano bwererani ku kalata yanu, muiwerenge ngati yalembedwa ndi munthu wina. Makwerero anachoka liti? Kumayambiriro kwa Juni. Chithunzi chinatsika liti koyamba? Mu Juni. Munachotsa tebulo, chinatsika. Munachotsa mipando, chinatsika. Galasi limawala Lolemba lililonse. Bambo inu, sukulu ya mishoni munakatengako chiyani? Palibe chigawenga, palibe mfiti. Pali mayi wamfupi amene Loweruka lililonse amatsitsa chithunzi, n'kuchipukuta mwaulemu, n'kuchipachika pamene dzanja lake lafika. Kale ankakwera makwerero. Atasowa, anakwera tebulo. Mutamulanda tebulo, anakwera mpando. Lero akuima pansi, ndiye wafika pa msomali wa kalendala. Chigamulo chilichonse cha khonsolo yanu chakhala chikutsitsa chithunzicho. Miyezi isanu amuna a matayi mwakhala mukuyeza makoma ndi tepi, koma palibe mmodzi anaganiza zopereka moni kwa wosesa n'kumufunsa.

Ndikuuzeniso zimene zichitike mukakumba. Mayi Margareta akaima m'dzenje la mapazi awiri, ngakhale msomali wa kalendala sadzaufika. Adzachiimika pansi, chotsamira khoma. Pamenepo khonsolo yonse idzachita msonkhano chafufumimba, ndipo inu, a Mlongoti, sindikudziwa kuti adzakupindani bwanji.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene mkazi wake ali kutsidya ndinu, ndiye chitani izi sabata inoyi. Pitani kwa a Gideoni mukatenge makwerero. Za chithunzi musatchule. Nenani kuti lata limodzi la holo likugwedera ndipo mvula yayandikira. Padenga lililonse la boma pali lata logwedera, ndiye simunama, ndipo mulikhomedi. Loweruka m'mawa mukhale m'holo pamene Mayi Margareta akugwira ntchito. Apatseni moni, afunseni za kunyumba, imikani makwerero pamalo pake akale, muwagwirire. Musawauze chochita. Akhala akuchita zimenezi zaka khumi, ndipo ndikhulupirira akhala akudandaula mumtima kuti khonsolo ikuwasowetsa pokwera.

Lolemba makhansala akafika ndi makasu awo, apeza chithunzi chili pamwamba pomwe chiyenera kukhala, ndipo palibe wa ife amene akutsutsa kuti malo ake ndi amenewo. Musaope mafunso. Wofunsa kuti wachikweza ndani ndiye kuti wavomera kuti chinali pansi, ndipo a Paulo anatseka okha khomo limenelo mu Seputembala. Inu lowani choimirira, tsegulani buku, werengani mzere umodzi: Khonsolo yaona kuti zonse zili m'malo mwake. Adzawomba m'manja, ndiyo ntchito imene amaidziwa. M'manja musanazizire, itanani nambala 2.

Koma mlathowo musaupemphe ndinu, ndipo musatchule za Lidia. Lamulungu mukatuluka m'tchalitchi, yendani pang'ono ndi a Paulo, muwadandaulire kuti dzinja likafika anthu a kutsidya kwa Kanjoka amalephera kufika kumisonkhano ya chipani. Musawonjezere kanthu. Asiyeni aganize okha, Lolemba ayitulutse ngati nzeru yawo. Makasu ndi mawilibala zidzakhala zili pakhomo kale, anthu ake alipo, mitengo ili kuseri. Khonsolo ikangovomera, ipite ikakumbe kumtsinje.

Chenjezo langa ndi ili. Dzina la Mayi Margareta lisatuluke pakamwa panu, kaya kwa wapampando, kaya kwa mnzanu wapamtima, ngakhale mwanthabwala. Zimene ine ndi inu tikuzitcha kupukuta, kabuku ka a Paulo kakhoza kuzitcha dzina lina, ndipo m'khonsolo yanu yonse mayiyu ndi yekhayo amene wagwira ntchito yake sabata iliyonse. Nyuzipepala ino mukawerenga, kulungirani usipa.

Chomaliza, ndipo apa mundimvetse. Anthu amene anavomera kukumba pansi pa holo musawasungitse moyo wa mkazi wanu. Mlatho ukhoza kutha, ukhozanso kuimira pakati chifukwa wina wafunsa kuti mtengo woyamba aike ndani. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Konzani ufa, nkhuni ndi kapoto, pezani mayi wodikirira, ndipo Disembala asanafike Lidia akhale ali kuchidikiro cha chipatala. Mwagwadira khoma miyezi itatu chifukwa khonsolo inagamula. Ichi sichifuna ajenda kapena kuwomba m'manja. Muwolotseni Kanjoka akadali mchenga.

Aphungu