Kuperekeza a Jeremiah

9 Epulo 1956, Mitundu

Lole ya Boma yatenga amuna anga, a Yona. Akuti kusukulu ya akhungu, akaphunzire kuluka madengu. Anadzawauza ndi a Maliko, a ku ofesi yothandiza akhungu. Pamsika manong'onong'o okhaokha, akuti ndi chifwamba. Amayi anga: "Wagulitsa mwamuna, Zipora." Nanga ndikanatani? Kuyambira pomwe nthomba inawapha maso, ntchito yawo kukhala pakhonde basi.

21 Ogasiti

Abwera! Onenepa, ndodo yatsopano m'manja. Chifwamba chake chiti? Ndapha nkhuku. Koma pakudya asendera kumapeto kwa mphasa, kusiya malo. Ndafunsa. Ati, "Apa ndi pa a Jeremiah."

22 Ogasiti

A Jeremiah anali mnzawo kusukuluko, kwawo ku Nathenje. Popita kukasamba ankatsogozana, a Yona patsogolo, iwo pambuyo atawagwira phewa. Anamwalira ndi chifuwa mu Juni. Anaikidwa komweko, abale osafikako. "Dzanja lawo silinachoke paphewa panga," atero a Yona, ngati akukamba za mvula.

Ndinaseka. Iwo osaseka.

2 Seputembala

Kutentha. Nsungwi za ku Dzalanyama zafika. A Yona aluka tsiku lonse kuseri kwa nkhokwe. Pochokera kudimba masana ndamva kuseka. Mawu awiri, ena aakulu, osasa. Kuzungulira nkhokwe, ali okha.

Madzi ndawasiyira chapatali.

14 Seputembala

A Maliko abwera panjinga kudzatenga madengu okagulitsa. Atola limodzi, kulitembenuza, kulitembenuzanso. Mkombero wake wolukidwa chakumanzere. Ati pasukulu yonse amene ankaluka chotero anali mmodzi yekha, malemu aja. Afunsa ngati a Yona anachita kubwera nalo. Chonsecho nsungwi zake zikadali zaziwisi. Achoka thobwa osamwa, dengulo kulisiya pomwepo.

Ndakalipa lero. Ndati nyumba ino ndi ya anthu awiri. A Yona misozi. "Njira ya kwawo saidziwa, Zipora. Ndiwasiye pati?"

16 Seputembala

Kutchalitchi ndinafuna kuwauza abusa. Ndinaleka. Angatidule mumpingo. Ndaganiza zina.

18 Seputembala, Nathenje

Tinanyamuka mbandakucha. Ine patsogolo, dzanja la a Yona paphewa panga. Ndikati "mwala," iwo kubwereza cham'mbuyo, "mwala." Ndikati "dzenje," chimodzimodzi. Sindinacheuke njira yonse.

Miyendo yatupa. Pasitolo ya a Abdulla atilozera mudzi.

Akazi a malemu, a Esitere, tawapeza akupeta chimanga. Tisananene kuti ndife ndani, galu wawo watipitirira tonse awiri, kukagwedeza mchira kumbuyo kwa a Yona, pamalo opanda munthu. Kulira kwake ngati mwana.

A Esitere aika lichero pansi. Alowa m'nyumba, atulutsa mpando umodzi. "Mwachedwa, bambo." Sanali kuyang'ana ife.

Tigona konkuno. Dengu lija tawasiyira.

19 Seputembala

Tabwerera. A Yona kuimba njira yonse. Akuti phewa lapepuka. Ine mtima pansi, koyamba chibwerereni iwo kusukulu.

25 Seputembala

Palibe dengu ndi limodzi lomwe. Nsungwi zikuuma padzuwa. A Yona amazigwira, kuzipingasa, kuzimasula. Lero aulula. Pansi pa dengu, poyambira penipeni, amene ankawayambira anali a Jeremiah. A Yona anangophunzira kukweza m'mbali.

A Maliko atumiza mawu kuti kuli ofuna madengu ena ku Lilongwe. Akapanda kuwapeza, akuti nsungwi azipereka kwa wina. Ndiye kubwerera pakhonde paja.

Ndayesa kumasula dengu lakale kuti ndione mayambidwe ake. Zala zanga sizikumva.

26 Seputembala

Masana ndawapeza ataima kumpanda, ndodo m'manja, khutu kunjira ya ku Nathenje. Milomo ikugwedera. Ndawagwira mkono. Ndati ayi bambo, musawaitane, munthu anafika kwawo. Ati sakuitana.

Ati akuyankha.