Nyemba za ku Damu la Mulunguzi

Lachinayi, 12 Juni. Kwazizira, koma mtima wanga uli m'malo.

Lero ndi tsiku la 23 loyeserera. Mwana wanga Tamanda, amene ndi namwino ku Mangalande, akufuna tikayende wapansi masiku asanu ndi limodzi m'mbali mwa khoma limene Aroma akale anamanga kumeneko. Ndinaphunzitsa za khomalo zaka 31, ndi choko chokha. Koma wanenetsa kuti ulendo kulibe mpaka nditakafika ku damu ndi miyendo yanga, bondo osatupa.

Chovuta panjira ndi anthu. Galimoto zinayi zaima kuti zinditenge. Moni ndalandira 19, ndipo uliwonse umafuna kuima, chiwerengero cha mapazi n'kundisokonekera. Zimatero masiku onse, tsono lero ndinatenga nyemba zowerengera. Ndikaponda ka 100, imodzi ndimaisamutsira m'thumba lamanja.

A Nachisale, ogulitsa zipatso pakhona, anandigwira mkono. "Aphunzitsi, ana akutayani kodi?" Nditawafotokozera, anaseka mpaka kukhosomola. "Kukwera ndege kukaona khoma logumuka? Bwerani kwathu, langa linagwa ndi mvula, mudzaona ulere!"

Ndafika. Nyemba 94. Madzi ndawakhudza ndi dzanja kuti pasakhale zokayika. Nditabwerera ndayeza bondo ndi tepi yosokera, ndipo lili monga linalili m'mawa. Ndayeza kawiri.

Mawa ndimuimbira Tamanda. Chondidetsa nkhawa n'chimodzi. Akuti kumeneko anthu amangodutsana panjira osaima kupatsana moni. Nanga ine ndizikapumira pati, popeza malo 19 onse a moni aja ndi amene ndimapumirapo...